Gitala ya Mbawa ya a Namakhwa

A Blackson Namakhwa anagwira ntchito ya ukalipentala pa esiteti ya tiyi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo m'zaka zonsezo sanapezepo munthu wogwira puleni mowakhutiritsa. Anaphunzitsa anthu ambiri ku wekishopu ya kampani, ena mpaka anakatsegula malo awoawo ku Limbe ndi ku Luchenza, koma mukawafunsa za aliyense wa iwo ankangoti, "Ameneyo? Wokhoma misomali." Zitseko za nyumba za mabwana, mawindo a ku fakitale, mashelefu a ku kiliniki, mabokosi a maliro a antchito, zonse zinadutsa m'manja mwawo. Atapuma ntchito anakakhazikika kumudzi kwa akazi awo, a Teleza, ku Mphuka, kumene munda wa chimanga umathera pomwe tiyi wa kampani wayambira, n'kumanga shedi ya malata akale kuseri kwa nyumba.

Pa anthu onse amene a Namakhwa ankawayang'ana ndi diso la kumbali, woyamba anali mkamwini wawo, Samsoni. Mwana wawo Tinenenji analemba mayeso a Fomu Folo n'kukhoza, ndipo bambo akewo ankamuona kale atavala zoyera ku chipatala cha mishoni, kapena atakwatiwa ndi kalaliki wa mu ofesi. Koma mtsikanayo anabweretsa munthu wa dengu kumsana, wothyola tiyi wochokera ku Chimaliro, wowonda ngati nsungwi, wosalankhulalankhula, amene chuma chake chonse chinali kachikwama ka zovala ndi banjo ya chigubu cha mafuta ophikira. Samsoni anamanga nyumba yake pafupi ndi shedi ya apongozi akewo, ndipo ankalima, kufolera, kukumba dzenje la zinyalala, zonse mosawiringula. Zimenezi sizinawafewetse mtima a Namakhwa. Iwo ankati munthu wovomera chilichonse ndiye kuti m'mutu mwake mulibe choti akanire.

Chaka china kampani inaganiza zozula tiyi wakale m'munda wa kumtunda kwa mtsinje, ndipo inagwetsanso mitengo ya mthunzi imene inali m'mundamo. Ikuluikulu inapita ku boila ya fakitale. Ing'onoing'ono, timagiriveliya ndi timalaina tonenepa ngati ntchafu ya munthu, akapitawo anauza antchito kuti atole akasonkhere moto. Aliyense anatola n'kukasonkheradi moto, kupatula Samsoni. Iye ankabwera ndi kamtengo kamodzi paphewa tsiku lililonse poweruka, n'kukasanja pansi pa khonde la kuseri, pamwamba pa miyala, atapaka utoto wotsalira m'zitini kumapeto konse kuwiri. Anawonjezapo thunthu la mpeyala umene unauma kumunda kwa a Teleza. Tinenenji akapempha kamtengo kamodzi kophikira nyemba, ankamuuza kuti akatole kwina. Timitengoto tinakhala pamenepo zilimwe ziwiri.

Lamlungu lina m'mawa Samsoni anafika pa shedi n'kunyonyomala chapatali, chipewa chili m'manja.

"Odi, bambo."

"Eee, bambo a Tayamika," anayankha a Namakhwa, kumutchula dzina la mwana wake wamkazi monga ankachitira nthawi zonse, osadzutsa mutu. "Kwagwanji?"

"Ndimati mundibwerekeko zopanira zanu ziwiri. Ndikufuna kulumikiza timatabwa."

"Timatabwa tanji?"

"Ta gitala."

A Namakhwa anaika sikweya pabenchi pang'onopang'ono, n'kukankhira magalasi kumapeto kwa mphuno.

"Gitala. Ndiye matabwa ake mwawapeza kuti?"

"Ndacheka mitengo ija."

"Nkhuni zija?"

"Zauma bwino, bambo."

"Nkhuni zimauma bwino, n'chifukwa chake zimayaka." Anapita kumapeto kwa shedi n'kuvundukula masaka. Pamenepo panali thabwa la mbawa, lofiira, lotambalala ngati chitseko, limene anasunga kuchokera chaka chimene mphepo inagwetsa mtengo waukulu pa kapinga wa kwa manijala. Analimenya ndi chikhato. "Bwerani muone, mwina simunaonepo. Thabwa ndi ili. Limachokera mumtengo umene unaona agogo anu akukwawa, woti amuna awiri sangaukumbatire. Zanu zija ndi ndodo. Ndodo timachirikizira tomato. Zopanira zangazi zinapana zitseko za nyumba ya jenerale manijala, sizinazolowere nkhuni."

"Chabwino, bambo. Zikomo."

Samsoni anavala chipewa n'kumapita, ndipo pankhope pake panali kakumwetulira kaja kamene a Namakhwa ankakada kuposa mwano.

Kuyambira pamenepo nthochi za kumalire kwa bwalo la Samsoni zinayamba kufuna chisamaliro tsiku ndi tsiku, moti a Namakhwa ankathera masana onse akusadzula masamba ouma, maso ali pakhonde la mkamwini. Zimene anaona zinawakwana. Munthu uja anang'amba chubu chakale cha njinga kukhala malegeni, n'kumamanga nawo timatabwa take ngati akumanga katundu wopita kumsika. Popeza kamtengo kalikonse kankatulutsa kathabwa kosapitirira chikhato m'lifupi, kumsana kwa gitala kunalowa timatabwa tisanu ta giriveliya, kumaso tinayi ta malaina. Akamata ndi guluu, ankapala ndi chidutswa cha botolo, kupala, kupala, mpaka thabwa kupyapyala ngati chikuto cha buku la nyimbo. Kenaka ankaligwira ndi zala ziwiri, kulifikitsa kukhutu n'kumaligogoda, monga achitira amayi posankha mphika wadothi pamsika. Akamva zimene akumvazo, ankapalanso. Matabwa a m'mbali ankawanyika m'madzi n'kuwapinda pa paipi yotenthetsa ndi makala. Tizitsulo ta pakhosi anadula ku masipoko a njinga. Nsambo ndi makiyi okha ndiwo anachokera kusitolo.

"Palibe tepi, palibe sikweya, palibe pensulo kukhutu," a Namakhwa anauza akazi awo. "Akuombeza maula, si ukalipentala umenewu."

Gitala itatha, mizere yolumikizira inkaoneka yonse, kathabwa aka kotuwa, aka kofiirira, ngati bulangete la mlonda. Koma madzulo ena dzuwa lisanalowe Samsoni anaikhwimitsa nsambo n'kuikanda, ndipo amayi amene anali pamjigo, kutsidya kwa munda wa chinangwa, anasiya kupopa. A Namakhwa nawonso anamva. Anati ngakhale chitini chimalira ukachimenya.

Sipanapite miyezi yambiri, anthu anayamba kubwera. Anyamata a bandi ochokera ku Nsabwe, dalaivala wa thirakitala ya kampani, mkulu wina wa kwaya. Onse ankayamba aima pa shedi, chifukwa ndiyo inali m'mbali mwa njira.

"Odi! Kwa amisiri ndi kuno?"

"Mwafika," ankayankha a Namakhwa, akusansa utuchi pa ovolosi.

"Ayi, tikunena a magitala."

Tsiku limene mlendo wachinayi ananena mawu amenewa, a Namakhwa anatseka shedi masanasana n'kukakhala pakhonde pamene a Teleza ankasenda nandolo.

"Pamudzi pano patha ulemu," anatero. "Mkamwini asamakule mwendo."

"Nanga inu pamudzi pano munabadwira pati?" anafunsa a Teleza, osasiya kusenda. "Inunso munabwera ndi kachikwama. Ndinakuonani ine."

"Ine ndinabwera ndi bokosi la zipangizo."

"Ndiye litseguleni bokosilo mundikonzere chitseko chimene chiswe chatha. Thabwa lanu lofiira lija ndakhala ndikulipempha chaka chachisanu ndi chimodzi chino."

"Thabwa limenelija lili ndi ntchito yake."

"Ntchito yanji?"

A Namakhwa sanadziwe yankho mpaka pamene linatuluka pakamwa pawo. "Ndiwaonetse anthuwa gitala."

Anaipanga masabata asanu ndi awiri. Miyeso anatenga pa gitala ina ya Samsoni mwini wake ali ku tiyi, atauza Tinenenji kuti akungofuna kuona pamene palakwika. Anacheka mbawa ija, ndipo kumaso kunalowa thabwa limodzi lathunthu, kumsana limodzi lathunthu, popanda mzere ndi umodzi womwe. Zopala mpaka kupyapyala anazikana. Chinthu cha mmisiri chimayenera kudzaona zidzukulu, choncho anasiya thabwa lochindikala ngati chala. M'kati anaikamo mipiringidzo yolimba ngati ya denga la sukulu. Khosi analilowetsa mwaluso moti ngakhale nsonga ya singano sikanapeza polowa. Anakwecha ndi sandipepa wa mitundu itatu, n'kupaka vanishi kasanu, mpaka munthu kumadziona nkhope. Samsoni akamadutsa ndi dengu lake ankangopereka moni n'kupitirira.

Mwayi woonetsa unabwera Lamlungu lina masana. A Nathaniel, mphunzitsi wa ku sukulu ya mishoni amene ankatsogolera kagulu koyimba pa maukwati, anabwera ndi anzawo anayi kudzatenga gitala imene Samsoni anawapangira. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu a m'mudzi anayamba kusonkhana. A Namakhwa anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kutuluka atanyamula chinthu chokulunga m'nsalu yoyera.

"Aphunzitsi," anatero mokweza, "musananyamule nkhunizo, tayambani mwaona gitala."

Atavundukula, anthu anati "Iii!" onse pamodzi, ndipo a Namakhwa anamva kukoma kumene anali asanakumve chipumire ntchito. Mbawa inkanyezimira padzuwa ngati galimoto yatsopano. Amayi ena anayandikira kuti akhudze, iwo n'kuwaletsa ndi chigongono.

A Nathaniel anailandira ndi manja awiri, mapewa n'kutsika pang'ono.

"Koma ndiye yadya bwino," anatero, akuiika pantchafu. Anapotokola makiyi, kutchera khutu, kupotokolanso. Kenaka anakanda nsambo zonse zisanu ndi imodzi.

Mawu anatuluka, koma anafera pomwepo, ngati munthu woitana atatsekeredwa m'chipinda cha m'kati. A Nathaniel anakanda mwamphamvu. Nsambo zinangoti thi, thi, thabwa lili duu, losafuna kumva za nyimbo. Anayesa nyimbo ya pa ukwati, anayesa ya kutchalitchi, thukuta n'kuyamba kuoneka pamphumi.

"Kodi ayamba kuyimba?" anafunsa mayi wina amene anakhala kumbuyo, ndipo ankafunsa moona mtima.

Kuseka kunayambira kwa atsikana, kenaka kunafalikira bwalo lonse. A Nathaniel, pofuna kuphimba manyazi a munthu wamkulu, anatsamiritsa gitala ija pamtengo mosamala n'kunyamula ya Samsoni, mwina poganiza kuti nyimbo iiwalitsa anthu. Kunali kuthira mchere pabala. Atangokhudza nsambo, kabulangete ka mlonda kaja kanatsegula kukhosi, mawu n'kudzaza pansi pa mango ponse, ndipo oyimba aja analowa m'nyimbo osauzidwa. Ngakhale a Teleza ankawomba nawo m'manja.

Nyimbo itatha, a Nathaniel anatembenukira kwa a Namakhwa.

"Bambo, ntchito yanuyi ndi yokongola zedi. Sindinaonepo yotere. Itapachikidwa pakhoma la mu ofesi ya ahedi, alendo angamaime."

"Zala zanu zinazolowera choko, aphunzitsi," anayankha a Namakhwa. Anakulunga gitala yawo m'nsalu muja n'kubwerera ku shedi, msana uli chilili. Podutsa anaona Samsoni atakhala pa chitsa, maso ali pansi, akusewera ndi kaudzu.

Masabata otsatira aliyense wofika pa shedi ankamva nkhani imodzimodzi: makutu a anthu a masiku ano anaonongeka ndi masipika a m'maminibasi, sadziwanso kusiyanitsa nyimbo ndi phokoso. Mphunzitsi woyimba pa maukwati ndi mphunzitsi wanji? Kale aphunzitsi ankavala tayi n'kumawerenga nyuzipepala.

Kenaka mvula inabwera, ndipo inabwera ndi chilungamo chimene a Namakhwa ankachidikira. Chinyezi cha Januwale chitalowa m'nyumba, a Nathaniel anatulukiranso, gitala ili m'thumba la pulasitiki, nkhope ili yakugwa. Khosi linali litadzuka polumikizira, nsambo zitatalikirana ndi tizitsulo moti chala chinkalowa pakati. Sabata yomweyo anabweranso anyamata a ku Nsabwe ndi vuto lomwelo, kenaka dalaivala uja. Samsoni ankalumikiza khosi ndi guluu komanso masikuluwu awiri olowa m'kathabwa kofewa, ndipo nsambo zikamakoka usana ndi usiku, mtengo utamwa chinyezi, zinkagonja.

A Namakhwa anadya nsima yambiri sabata imeneyo.

"Aphunzitsi, musadandaule," anatero ataima pamalire a nthochi. "Pansambopo mukhoza kumayanikapo masokosi."

Inali nyengo imene tiyi amaphuka mosapumira, ndipo Samsoni ankachoka kukucha, kubwera dzuwa litapendeka, zala zitachita zikang'a, zovala zili chonyowa. Magitala atatu aja anangokhala pakona. A Namakhwa sanadikire kupemphedwa. Anatenga zotsala za mbawa ndi mafelemu akale a mawindo a mlombwa, n'kusema makosi asanu ndi limodzi. Lililonse analipanga ndi timizere titatu tomata motembenuzana, kuti kena kakafuna kupindikira uku, kanzake kazikokera uko. Kumapeto kwake anagoba lilime lotambalala kunsonga, lolowa m'mphako yake kuchokera pamwamba, loti likalowa silisunthanso ngakhale popanda guluu kapena msomali. Limodzi analilowetsa m'chipika chake kuti wopanda nzeru aone mmene zimakhalira.

Anadikira nthawi imene amayi amadutsa pochokera kumjigo, n'kukayala makosiwo pakhonde la mkamwini, pamzere, ngati nsomba pamsika.

"Tinenenji!" anaitana. "Amuna ako akabwera uwauze kuti khosi limaoneka chonchi. Akalephera kumva pa Chichewa uwauze pa Chilomwe."

Tinenenji anayang'ana makosiwo, anayang'ana bambo ake, n'kulowa m'nyumba.

A Namakhwa anakonzekera bwino. Ankadziwa kuti Samsoni abwera, anyonyomala, chipewa m'manja, n'kupempha kuti amulowetsere makosiwo. Anakonzeratu mawu oti adzanene, ndi pamene adzapumire kuti mawuwo alowe. Tsiku loyamba sanabwere. Lachiwiri anangomva kulira kwa sowo kuseri kwa nyumba ija. Analimva sabata yonse, madzulo aliwonse mpaka kuwala kutatha.

Lamlungu linalo Samsoni anafikadi pa shedi. Ananyamula makosi onse asanu ndi limodzi atawamanga ndi luzi, ndipo kudzanja linalo kunali gitala ya a Nathaniel. Sananyonyomale. Anaika mtolowo pabenchi.

"Ndabweza katundu wanu, bambo. Zikomo kwambiri."

"Mwabweza? Ndiye muyimba ndi chiyani, mipini ya makasu?"

Samsoni anawapatsa gitala ija. Khosi linali latsopano, la timizere titatu, mpeyala m'mbali, giriveliya pakati. A Namakhwa anaitembenuza, kusuzumira pabowo, kuyendetsa chikhadabo polumikizira. Linali lilime lawo lomwe lija, mphako yawo yomwe ija. Anagwira khosi n'kuligwedeza. Silinasunthe.

"Mwaba," anatero.

"Munayala pakhonde panga."

"Ine zimenezi ndinaphunzira zaka zitatu, ndikusesa wekishopu, mzungu akundikalipira. Inu sabata imodzi, ngati mbava yolowera pawindo."

"Ndaononga zipika zinayi ndisanakhoze," anatero Samsoni. "Pamenepa ndiye mumadziwa, bambo, sindingakane. Mumadziwa kumanga mtengo kuti usagwedezeke."

"Ndiye ukalipentala umenewo."

"Eya. Koma gitala imalira chifukwa ikugwedezeka. Khosi lokha ndilo liyenera kuuma mutu, kwinaku kuzinjenjemera. Timitengo tanga tija n'topepuka, tikapyapyala timamva nsambo. Miyezi yonseyi mwandiona ndikugogoda thabwa, simunandifunsepo kuti ndimamvera chiyani. Tsiku limene munasiya kupala mbawa ija ndinadutsa pano ndi dengu. Ndinaona kuti mukupanga kabati."



"Munaona? Nanga osanena bwanji?"

Samsoni anatenga gitala m'manja mwawo mwaulemu, ndi manja awiri. Kakumwetulira kaja kanabwera, ndipo kwa nthawi yoyamba a Namakhwa anakaona bwinobwino, n'kuzindikira kuti sikanali ka munthu wopusa, sikanakhaleponso ka munthu wopusa chiyambire.

"Ndimafuna ndimve mmene kabati imalirira, bambo."

Anavala chipewa ali pomwepo m'shedi, n'kutuluka.

A Namakhwa anakadandaula kwa akazi awo kuti mkamwini wawatukwana, ndipo ayenera kuitanidwa ankhoswe. A Teleza anafunsa mawu otukwanawo, ndipo atawamva anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Kenaka anawauza nkhani imene aliyense pamudzipo ankaidziwa kale kupatula iwo: Samsoni anapempha kutenga banja lake kupita nalo kwawo ku Chimaliro, kumene anapeza malo pafupi ndi msewu, ndipo malume ake a Tinenenji anavomera.

"Anavomera? Ine osandifunsa?"

"Akufunseni kuti mbumba ndi yanu?"

"Mwana ndi wanga!"

"Mwana wanuyo ndiye wakhala akukakamiza. Akuti watopa kumva amuna ake akutchulidwa otola nkhuni pamaso pa mwana wawo."

Anasamuka chimanga chitangokololedwa. Dalaivala wa thirakitala uja anabwereka lole ya mnzake, ndipo choyamba kukwezedwa, mipando ndi mbale zisanakwere, chinali mulu wa timitengo touma, kalikonse Samsoni akukanyamula yekha ngati dzira. Tinenenji anabwera kudzagwada pakhomo la shedi kutsanzika. Bambo ake anamuuza kuti ayende bwino, ndipo asadzadabwe denga la kumeneko likadzawagwera, poti womanga wake sadziwa sikweya. Samsoni anatsanzika ali chiimire, iwo n'kuyankha akuyang'ana puleni.

Pamudzi panakhala zii. Alendo anasiya kuima pa shedi. Nthochi za kumalire zinabwerera kumasamba ake ouma.

Chaka chotsatira, mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta mapiri, a Namakhwa anapita ku boma kukaona mnzawo wakale wa ku wekishopu amene anagonekedwa m'chipatala. Pobwerera, pa siteji ya maminibasi, anapeza anthu ataunjikana. Pakati pawo panali bambo wina wa jekete lachikopa long'ambika, atakhala pa thumba la makala, akuyimba gitala podikira galimoto, ndipo amayi ogulitsa nthochi ndi mapeyala anali ataiwala malonda. A Namakhwa anakankha anthu ndi phewa mpaka kufika kutsogolo. Nyimbo itatha anatambasula dzanja.

"Tabwereketsani ndione, achimwene."

Munthuyo anawapatsa monyadira. "Ya ku Chimaliro imeneyo, madala. Kuli mmisiri kumeneko, anthu akuchita kulembetsa mayina."

A Namakhwa sanakhudze nsambo. Anaitembenuza chadodolido, kuvala magalasi, n'kuyendetsa chikhadabo polumikizira khosi, mbali iyi, mbali inayo, mpaka chinakodwa pa kampata kochepa ngati tsitsi.

"Apa," anatero mokondwa, akuonetsa anthu amene anali pafupi. "Mukuona apa? Anaphonya."

"Ndakhala nayo dzinja lonse, sinasunthe," anatero mwini gitala.

"Isuntha."

"Ikadzasuntha ndidzakuuzani. Tabweretsani, ndipo musunthe ndinu, madala, mwatchinga anthu."

Nyimbo inayambiranso a Namakhwa asanamalize kupinda magalasi. Anakakwera minibasi ya ku Makwasa, n'kukhala pafupi ndi mayi wina wonyamula nkhuku, ndipo galimoto isananyamuke anali atayamba kale kumufotokozera za kampata kaja: kuti kanali kumanzere, kuti kanabwera chifukwa chogoba mopupuluma, kuti ku wekishopu ya kampani munthu wochita zotero akanamubweza kukasesa. Mayiyo anavomera kawiri, kenaka anatsamira pawindo n'kutseka maso. A Namakhwa anapitiriza kufotokoza, minda ya tiyi ikudutsa m'nkhungu mbali zonse ziwiri, mpaka kondakitala anawagwira paphewa kuwauza kuti pamene amatsikira padutsa kale.